Kuflasha foni

Kuflasha ndi kulowetsanso pulogalamu yoyendetsa foni kuchokera pa kompyuta, kudzera pa chingwe cha USB. Amakaniko amatero foni ikamangoima pa chizindikiro cha kampani osapitirira. Foni za Samsung amaflashira pulogalamu ya Odin. Za Tecno ndi itel zokhala ndi chipu cha MediaTek, amaflashira ya SP Flash Tool.

Ku Chiuta, m'boma la Mecanhelas, kumalire ndi Malawi, msodzi kapena wogula nsomba amasunga manambala a makasitomala m'foni momwemo. Kuflasha nthawi zambiri kumafufuta zonse za m'foni, choncho makaniko wosamala amayamba wazikopera pa kompyuta ngati foni ikulola. Ndalama za e-Mola ndi M-Pesa sizitayika, poti zimasungidwa kukampani pa nambala ya mwini. Laputopu ikazima ntchito ili mkati, foni imatha kuferatu.