Makanjira pa chiyambi cha ulamuliro wa atsamunda

Makanjira ndi dera la m'boma la Mangochi, kuvuma kwa nyanja ya Malawi, kufupi ndi malire a Mozambique. Dzinali ndi la ufumu wa Ayao umene unatchuka ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800.

Mudzi wa mfumu

Amalonda a kwa Makanjira ankayenda ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Anabweretsanso makhalidwe a Aswahili, monga kumanga nyumba za ngodya zinayi, kuvala mikanjo, kubzala mango ndi kukhoma zombo za matanga zowolokera nyanja. Anthu wamba ankadalira ulimi ndi usodzi.

Cha m'ma 1870, mfumu Makanjira inalowa Chisilamu, ndipo imadziwika kuti ndiyo inali yoyamba mwa mafumu akuluakulu a Chiyao kutero. Pamudzipo panali aphunzitsi amene ankaphunzitsa anyamata Korani ndi kulemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu.

Nkhondo ndi Angerezi

Dziko la Britain litalengeza ulamuliro wake mu 1891, Makanjira anakana kugonja. Harry Johnston anathira nkhondo mudziwo chaka chomwecho pogwiritsa ntchito asilikali ochokera ku India, koma mu Disembala Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa pamene ankawononga zombo za mfumuyo. Mu 1893 Angerezi analanda derali n'kumanga linga la Fort Maguire, ndipo patapita nthawi mfumu inathawira ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi.

Moyo nkhondo itatha

Malonda a akapolo atatha, anthu anayamba kukhoma msonkho wa nyumba, ndipo amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito kutali kuti apeze ndalama. Ngakhale mafumu anataya mphamvu zawo, Chisilamu chinapitirira kufala. Mashehe ankayenda m'midzi kuphunzitsa, chinamwali cha jando chinakhala khomo limene anyamata ankalowera m'chipembedzo, ndipo mwambo wokumbukira akufa unayamba kutchedwa sadaka.

Makolo ambiri ankakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza kukhala Akhristu. Izi zinateteza chikhulupiriro chawo, komanso zinachititsa kuti derali litsalire pa maphunziro a sukulu kwa zaka zambiri.