Zala Ziŵiri pa Khungu Louma

Ilipo nthenda imene madokotala amaitcha scleroderma, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza khungu louma gwa. Khungu la wodwala limakhuthala ndi kulimba ngati chikopa choyanika padzuŵa, kuyambira m'zala, kufikira munthu alephera kufumbata mpini wa khasu.

Musaiyese nthenda ya kutali. Mu 1957 Dr. L. D. Erasmus anaonetsa kuti imagwira kaŵirikaŵiri anthu okumba golide pansi pa nthaka ku Witwatersrand, opuma fumbi la miyala. Odwala ake anali azungu. Panapita zaka 30 kuti Dr. R. L. Cowie, mu 1987, alembe za antchito akuda a m'migodi. Kumigodi komweko ndi kumene Wenela inkatengera amuna a dziko lino, a kwa Kaduya ku Phalombe pamodzi ndi anzawo, ndipo fumbi silisankha khungu.

Tsono dokotala adziŵa bwanji pamene nthenda yafika? Funsoli nlalikulu, pakuti khungu likamauma mofulumira nkufalikira ku mikono ndi pachifuwa, impso, mapapo ndi mtima zimakhalanso pangozi. Njira yodalirika inali kudula kachidutswa ka khungu nkukapima, koma simungadule munthu mwezi ndi mwezi, makamaka amene zilonda zake zimachedwa kupola.

Dr. Gerald Rodnan wa ku Pittsburgh, ku America, anachita chinthu chooneka chachibwana. Ankatsina khungu la wodwala ndi zala ziŵiri, nalemba kukhuthala kwake monga anamvera. Kenaka nkudula kachidutswa pamkono, nakaika pasikelo. Mu 1979 anafalitsa zimene anapeza: zala ndi sikelo zinkagwirizana. Chotero mpeni unayamba kupuma.

Njira yake, itakonzedwanso, imatsina malo 17: nkhope, chifuwa, mimba, ndiponso mbali zonse ziŵiri zala, manja, mikono kumunsi kwa chigongono, mikono kumtunda kwa chigongono, ntchafu, miyendo ndi mapazi. Khungu labwino lilandira 0, lokana kutsinika lilandira 3. Zonse pamodzi sizipitirira 51. Chilema chake nchakuti madokotala aŵiri angatsine munthu mmodzi nasiyana maŵerengedwe, nchifukwa chake wodwala amayenera kupimidwa ndi dzanja lomwelo nthaŵi zonse.

Makina a ultrasound, amene amayi oyembekezera amawadziŵa, tsopano amayeza kukhuthala kwa khungu osalikanda nkomwe. Komabe poyesa mankhwala atsopano a nthendayi, akatswiri akali kulemba manambala a Rodnan.