Muyeso umene sunawerenge ana a machona

Ku Makokoba, komboni yakale kuposa zonse mu mzinda wa Bulawayo, mungathe kukumana ndi nkhalamba yokulonjerani m'Chindebele, koma ikapsa mtima kapena ikagwada kupemphera imabwerera ku Chinyanja. Nkhalamba zotere ndi ana ndi adzukulu a machona. Makolo awo anachoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena ndi mapazi, ena pa magalimoto a Ulere, kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Wankie, m'mafamu a fodya ndi pa njanji imene likulu lake linali muno. Sanali anthu ongotsatira pambuyo. Robert Sambo, amene mu 1927 anayamba nthambi ya bungwe la apantchito la ICU mu Bulawayo mpaka boma la atsamunda linamupirikitsa, anali wa ku Nyasaland, monganso Clements Kadalie amene anayambitsa bungwelo ku Cape Town.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa cha funso limene akatswiri oyeza demokalase amalifunsa mochedwa: kodi muyesowo ukuwerenga ndani?

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, ana a machona obadwira muno anali kuvota ngati wina aliyense. Lamulo la unzika la 1984 linaletsa kukhala nzika ya maiko awiri, koma wantchito wa pafamu amene sanaonepo nyanja ya Malawi sanaganize kuti nkhaniyo ikumukhudza. Zinthu zinatembenuka mu 2000, pamene boma linagonja pa referendamu ya malamulo atsopano, ndipo antchito a m'mafamu ndi a m'makomboni anaganiziridwa kuti ndiwo akukometsa chipani cha MDC. Mu 2001 lamulo linasinthidwa: aliyense wokhala ndi unzika wina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Mkulu wa kalembera, Tobaiwa Mudede, analitanthauzira lamulolo mokulitsa, kuti likhudze ngakhale munthu amene bambo wake yekha ndiye anabadwira kunja. Garfield Todd, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, anachotsedwa m'kaundula wa ovota, ndipo nyuzipepala za ku London zinalemba. Za mayi wa pafamu ya ku Mashonaland, amene sanamve n'komwe kuti pali tsiku lomaliza, sizinalembedwe.

Apa m'pamene umphawi unalowera. Kukana unzika kunafuna ulendo wa ku Harare, ku ofesi ya kazembe, ndalama ya basi, ndalama ya mapepala, ndiponso umboni wa kumene bambo anabadwira. Munthu anayenera kukana chinthu chimene sanakhalepo nacho, ndipo anayenera kulipira kuti achikane. Pa nthawi yomweyo mafamu anali kulandidwa, antchito nataya ntchito ndi malo ogona, opanda mudzi wobwererako. Amene anathawira m'tauni anakumana ndi Murambatsvina mu 2005, imene, malinga ndi lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations, inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena njira yopezera chakudya.

Tsono taonani masamu ake. Chiwerengero cha anthu amene avota chimayezedwa poyerekeza ndi amene ali m'kaundula. Mukafufuta munthu m'kaundula, muyesowo sutsika. Pa chisankho cha pulezidenti cha Malichi 2002, amene chitupa chake chinali ndi liwu lakuti ALIEN sanawerengedwe ngati wolephera kuvota: sanawerengedwe konse. Ngakhale kafukufuku wa Afrobarometer, amene ndimamulemekeza chifukwa kuyambira 1999 wakhala akufunsa anthu wamba, amuna ndi akazi mofanana, ndiponso amafunsa kuti pa chaka munasowa kangati chakudya, madzi, mankhwala, nkhuni ndi ndalama, amafunsa nzika zokha za zaka 18 kupita m'tsogolo. Njala ya wopanda unzika ilibe mzere wake pa pepala limenelo.

Nkhani ya amayi njopweteka koposa kwa ife Achewa, amene timati mwana ndi wa mbumba ya amake. Lamulo limene Zimbabwe inatengera kwa atsamunda linkati mwana wobadwira m'banja amatsata bambo. Mkazi wa Chindebele wokwatiwa ndi mlendo analibe mphamvu imene mlongo wake wokwatira mlendo anali nayo. Unity Dow anagonjetsa lamulo lotere ku Botswana mu 1992, ndipo mu 1994 Khoti Lalikulu la Zimbabwe, pa mlandu wa Rattigan, linagamula kuti kukaniza mwamuna wachilendo kukhala m'dziko muno n'kuphwanya ufulu wa mkazi wake amene ndi nzika. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti mayi nayenso apatsire mwana unzika. Koma ufuluwo ngwa mayi amene ali ndi chitupa. Amene alibe, mwana wake amavutika kupeza kalata ya kubadwa. Wopanda kalatayo amavutika kulemba mayeso, kutenga chitupa, kulembetsa mwana wake. Umphawi wa mapepala umayenda m'njira ya kuchikazi, ngati ufumu wa kwathu. Lipoti la Amnesty International la 2021 linaonetsa kuti vutoli likugwiranso ana a anthu amene anaphedwa pa Gukurahundi, choncho kuno ku Matabeleland mdzukulu wa mchona ndi mwana wamasiye wa Chindebele amaima pa mzere umodzi.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonzako zina, ndipo sindifuna kuzipeputsa. Ndime 43 imati wobadwira muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndiponso anali kukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Amayi anapatsidwa mipando 60 yapadera m'Nyumba ya Malamulo, pamwamba pa mipando 210 ya m'madera. Ndime 6 inavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa chili poyamba pa mndandandawo, ngakhale ife ophunzira za zinenero timadziwa kuti ulemu umenewo tinaupeza chifukwa cha chilembo C basi.

Zitatu zonsezi zimaoneka bwino m'malipoti, pakuti n'zosavuta kuwerenga: ndime ilipo, mipando ilipo, chinenero chilipo. Chimene sichiwerengedwa ndi mtunda wa pakati pa ndime 43 ndi zenera la ofesi ya kalembera. Malamulowo anasainidwa mu Meyi 2013, chisankho chinachitika pa 31 Julayi, ndipo munthu anayenera kuyamba wasinthitsa chitupa chake asanalembetse kuvota. Ndikanakhala wokonza mafunso, ndikanayamba ndi awa: mwa amayi a ku Makokoba ndi ku Hwange amene agogo awo anachokera kutsidya kwa Zambezi, ndi angati asinthitsa chitupa, anayenda maulendo angati, anawononga ndalama zingati, ndipo pa zenera paja anawafunsa m'chinenero chanji?