Mayi Wamasiye ndi Lamulo la Chuma

M'boma la Mwanza, m'midzi ya mafumu aakulu monga Kanduku ndi Nthache, maukwati ambiri ndi a chikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka nakamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba, ndipo ana amaŵerengedwa a kuchikazi. Munthu angayese kuti mayi wa kumeneko anali wotetezedwa kuyambira kale. Kunena za munda, zinalidi choncho. Koma chuma chimene mwamuna anachikhetsera thukuta, njinga, wailesi, malata, ndalama za ku migodi ya ku Joni kapena za manachesi, mwambo unkachiona mwina. Woloŵa chumacho anali abale a mwamunayo, makamaka mwana wa mlongo wake, osati mkazi kapena ana ake.

Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye. Lamuloli linati mwamuna akamwalira osalemba wilo, ndipo ukwati wake unali wa mwambo wa kuchikazi, mkazi, ana ndi ena amene iye ankawasamala alandire magawo aŵiri mwa magawo asanu; magawo atatu otsalawo apite kwa abale monga mwa mwambo. Kumene ukwati ndi wa lobola, monga kumpoto, mkazi ndi ana ankalandira theka. Motero mayi wa ku Mwanza, amene ankaoneka ngati mwini mudzi, ndiye ankalandira zochepa.

Ngakhale zochepazo sizinkamufika nthaŵi zonse. Abale ena ankafika maliro asanathe n'komwe, misozi ili m'maso, diso lili pa malata. Mliri wa Edzi utachulukitsa amayi amasiye m'zaka za m'ma 1990, khalidwe lolanda chumali linafika poipa, ndipo mabungwe a amayi ndi maloya anayamba kulidzudzula poyera.

Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi a 1994, m'ndime 24, anapatsa mayi ufulu wokhala ndi chuma, payekha kapena pamodzi ndi ena, ndipo anatchula kulanda chuma cha masiye pakati pa zizoloŵezi zoyenera kuthetsedwa. Mu 1998 kulanda kotere kunasanduka mlandu wopita nawo kundende. Komabe magawo aja a 1967 anakhalabe m'buku kufikira 2011, pamene lamulo latsopano linachotsa gawo la abale a mwambo n'kuika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi iwo amene malemu ankawasamala. Kuyambira pamene malamulo aakulu analonjeza, panapita zaka 17.

Mayi wamasiye wa kwa Nthache tsopano angathe kupita ku ofesi ya DC pa boma la Mwanza kapena kukhoti kukasuma. Kuti afike kumeneko ayenera kupeza ndalama ya ulendo, ndiponso kulimba mtima posumira alamu ake amene dzulo lomwe anali nawo limodzi pa siŵa.