Sizasi ya abusa a ku Joni

Kanema atangobadwa, omudandaula anabadwa naye limodzi. Mu 1896 kampani ya Edison inajambula May Irwin ndi John Rice akupsompsonana, kafilimu kosakwana mphindi imodzi, ena n'kunena kuti ndi zolaula. Mu 1907 mzinda wa Chicago unapatsa apolisi mphamvu zoletsa mafilimu, ndipo mu 1915 khoti lalikulu la America linagamula kuti kanema ndi malonda chabe, sangabisale pa ufulu wolankhula. Chigamulocho chinagwira ntchito mpaka 1952.

Mantha a nthawiyo amaoneka bwino mu The Sheik, filimu yopanda mawu ya 1921. Rudolph Valentino ndi mfumu ya Aluya ya m'chipululu imene ikuba mtsikana wachingelezi, mapeto ake awiriwo n'kukondana. M'buku la Edith Hull mfumuyo imamugwirira; opanga filimu anachotsa zimenezo. Koma anasunga pothawira pa nkhaniyo: kumapeto zikuululika kuti bambo a mfumuyo anali Mngelezi, mayi ake a ku Spain. Mzungu sanakonde Mluya ayi, oonera apite kwawo mtima uli m'malo.

Nanga filimu yotere ikanaonetsedwa m'komboni ya pa mgodi? Apa ndiye pali mtima wanga. Olemba mbiri ena amayamba nkhani ya baisikopo kuno ndi Notcutt ndi Latham, amene anayenda ndi mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia pakati pa 1935 ndi 1937, kapena ndi Central African Film Unit ya ku Salisbury ya 1948. Ine ndikuti amenewo anabwera nsima itapsa kale. Amene anaumba maso a makolo athu ndi mbusa wa ku America, Ray Phillips, yemwe anafika ku Johannesburg mu 1918. Mu February 1920 anthu akuda pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito pa migodi ya golide, ndipo eni migodi anaona kuti munthu amene akuseka Charlie Chaplin usiku alibe mpata wokambirana za malipiro. Anamupatsa Phillips ndalama, iye n'kuyamba kuzungulira makomboni ndi makina ake.

Filimu isanafike kwa anthu, mbusayo ankaidula. Zachikondi, akazi achizungu ovala mosadzilemekeza, chilichonse chotsitsa mzungu pamaso pa wantchito wake, zonse zinkagwa pansi. Sindimuyamika, chifukwa ankatumikira abwana a migodi. Komabe ndiye anayambitsa, ndipo njira yakeyo inakwera kumpoto mpaka ku Copperbelt, kumene baisikopo inafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndipo boma linadzaika bungwe lodula mafilimu a Afirika okha.

Chikondi chitadulidwa, chinatsala n'chiyani? Akavalo, zibakera ndi mfuti. Wofufuza Hortense Powdermaker atakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 anapeza kuti ngwazi iliyonse yokwera kavalo anthu ankaitcha Jack, ndipo kupsompsonana kukapulumuka sizasi, oonera eni ake ankakuwiza. Choncho mlandu si wa abusa okha; ifenso tinali ndi manyazi athu.

Amuna a ku Chifunde kuno ndi madera ena a Tete ankalowera ku Halale ndi ku migodi ya ku Rhodesia, ndipo baisikopo imene ankasimba pobwera inali yodulidwayo. N'chifukwa chake, m'kuganiza kwanga, Bruce Lee ndi Rambo sanavutike kulowa m'tinyumba toonetsera vidiyo: malo anawasesera kale Jack. Lero pa malire a Cassacatiza mafilimu amadutsa kupita ku Chanida ndi Katete ali m'foni, ena atawalankhulira Chichewa anyamata a ku Malawi, ndipo wa kasitomu amafunsa za katundu wa m'thiraki basi. Nkhani zachikondi zinatipeza mochedwa, ndipo sizinachokere ku Hollywood: zinabwera ndi mafilimu a Amwenye, manovela a ku Brazil ndi makanema a ku Nigeria.