Kunenepa: thanzi lanu ndi mtengo wa seguro

Mukapita ku Furancungo pa nthawi yogulitsa fodya, kapena pamsika wa mbatatesi ku Tsangano, mudzamva moni uyu: "Mwanenepatu, zinthu zikuyenda!" Kwathu kuno thupi lalikulu ndi cizindikiro ca mtendere. Pa zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri, munthu woonda ankalozedwa cala, ndiye anthu anayamba kukonda kunenepa kwambiri. Koma acipatala ndi makampani a seguro, imene ku Malawi amati inshuwalansi, amakuona mwa njira ina.

Iwo amagwiritsa nchito nambala yochedwa IMC m'Cipwitikizi, kapena BMI m'Cingerezi. Masamu ake ndi awa. Tengani kutalika kwanu m'mamita, mucurukitse ndi nambala yomweyo. Kenako gawani makilo anu ndi yankholo. Mwacitsanzo, mayi wotalika mita 1.60 wolemera makilo 80: 1.60 kucurukitsa ndi 1.60 ndi 2.56, ndipo 80 kugawa ndi 2.56 ndi 31. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 25 munthu walemera mopitirira, ndipo kuyambira 30 wanenepa kwambiri. Mayi ameneyu ali m'gulu laciwirili.

Kodi kunenepa kumadwalitsadi? Inde, nthawi zambiri. Mafuta ocuruka, makamaka a pamimba, amaonjezera ngozi ya shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa ziwalo ndi kupweteka kwa maondo. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Pofika 2015 anali pafupifupi anayi mwa khumi. Onenepa kwambiri anawonjezeka pafupifupi kawiri pa zaka zomwezo. Cosautsa n'cakuti m'dziko lomweli ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, malinga ndi kafukufuku wa 2022 mpaka 2023. Pakhomo limodzi mungapeze mwana wopinimbira ndi amayi ake onenepa, onse akudya nsima yambiri ndi ndiwo zocepa.

Mkangano uli pa nambala ija. Masamu ake anawayambitsa Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, poyeza anthu a ku Ulaya. Sanali dokotala. Nambalayi siisiyanitsa mafuta ndi minofu. Mlimi wa ku Tsangano wotalika mita 1.70, wolemera makilo 75, amene amasenza matumba a mbatatesi tsiku lonse, nambala yake ndi 26. Papepala walemera mopitirira. Kumunda angakusiyeni kumbuyo. Mu 2013 Katherine Flegal wa ku United States anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti anthu a pakati pa 25 ndi 30 sankafa msanga kuposa a thupi lapakati, ndipo akatswiri ena anamutsutsa mwamphamvu. Mu Januwale 2025 gulu la madokotala linalemba m'magazini ya The Lancet Diabetes & Endocrinology kuti nambalayi payokha siikwanira, ayezenso ciuno. Inunso mungayese ndi cingwe: kuzungulira kwa mimba pamcombo kusapitirire theka la kutalika kwanu.

Nanga seguro ikulowapo bwanji? Kampani ya seguro ya moyo imalonjeza kulipira banja lanu mukamwalira. Ndiye imafuna kudziwa ngozi yanu. Makampani ambiri amafunsa makilo, kutalika ndi matenda, ndipo wonenepa angamukwezere mtengo kapena kumukana. Khalidweli ndi lakale: kampani ya Metropolitan Life ya ku New York inatulutsa ndandanda wa makilo "oyenera" kale mu 1943. Makampani amati ngozi ikakula, mtengo ukule. Otsutsa amati uku ndi kusala, cifukwa kunenepa kumayenderanso mtundu wa m'banja, mankhwala ena ndi cakudya cimene munthu angakwanitse kugula. Ine ndimaona kuti kumulanga munthu cifukwa ca nambala imodzi, osamuyeza magazi ndi shuga, ndi ulesi wa kampani.

Maiko ena anaikapo malamulo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira nchito, lamulo la 1998 limaletsa mabungwe a thandizo lacipatala kukana munthu kapena kumulipiritsa zambiri cifukwa ca thanzi lake. Koma lamulolo silikhudza seguro ya moyo.

Kuno mungakumane ndi mafunsowa potenga ngongole kubanki, cifukwa ngongole zambiri zimabwera ndi seguro ya moyo. Werengani pepalalo pang'onopang'ono, musasaine mothamanga. Lembani makilo anu enieni, pakuti kampani ikapeza bodza ingakane kulipira ana anu. Akakukwezerani mtengo, pemphani kuti akulembereni cifukwa cake. Ngati simukukhutira, bungwe la boma loyang'anira makampani a seguro limalandira madandaulo.