Madzi a Kafue ndi Minda ya Nakambala

Aphunzitsi ndi ana inu a ku Chikomeni, nonse mulidziwa dimba. Mvula ikatha, makolo athu amatsikira kudambo, nakumba chitsime, nathirira mpiru ndi chimanga mpaka dzinja litabweranso. Nzeru yomweyi, itakulitsidwa, ndiyo inasintha ulimi m'chigwa cha mtsinje wa Kafue.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, shuga wathu wambiri ankachokera ku minda ya Chirundu, kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Rhodesia. Mu 1965 Ian Smith analengeza ufulu wosavomerezeka wa azungu a kumeneko, ndipo zinaonekeratu kuti kudalira dziko lotere kunali koopsa. Motero minda ya misale inakulitsidwa ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, ndipo fakitale yopanga shuga inayamba ntchito mu 1968.

Misale imafuna madzi chaka chonse, pamene mvula yathu imagwa miyezi isanu yokha. Choncho makina aakulu anaikidwa kuti azipopa madzi a Kafue ndi kuwathira m'ngalande, ndipo ngalandezo zinkawagawira m'mizere ya m'minda. Mu 1977 damu la Itezhi-Tezhi linatha kumangidwa. Cholinga chake chinali kusungira madzi opangira magetsi ku Kafue Gorge, komabe linathandizanso alimi, pakuti mtsinje sunkaphweranso kwambiri m'chilimwe.

Phindu lake linaoneka msanga. Dziko linayamba kudzipangira shuga wokwanira, kenaka n'kumagulitsa wotsala kunja. Anthu zikwizikwi anapeza ntchito, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 alimi ang'onoang'ono a ku Kaleya analandira minda yothirira, nagulitsa misale yawo ku fakitale.

Koma panalinso olira. Aila ndi Atonga ankadalira kusefukira kwa Kafue chaka ndi chaka, popeza madzi akabwerera ankasiya msipu wa ng'ombe zawo. Damu litasintha nyengo ya kusefukirako, malo ena odyetsera ziweto anaonongeka, ndipo asodzi nawonso anadandaula.

Tsono aphunzitsi, tengani ana anu mukaone madimba a pafupi ndi sukulu, ndipo muwafunse mafunso awiri. Kodi damu litamangidwa pa mtsinje wathu, tingakolole chiyani m'chilimwe? Nanga a kumunsi kwa mtsinje tingawasiyire madzi ochuluka bwanji?